Thumba la Yureya pa Valavu ya Apongozi

Ine kwathu ndi kumpoto kwa Kasungu, kufupi ndi Nkhamenya, kumene munthu akakulakwira umamuuza pamaso m'Chichewa, akapanda kumva umabwereza m'Chitumbuka. Pakamwa panga sipanaphunzire kudikira. Ndiye tangoganizani munthu wotereyu akukakhala chikamwini cha ku Santhe, pakhomo pa bambo a mkazi wake, kenaka n'kumagwiranso ntchito limodzi ndi bambo omwewo. Anzanga a kwathu ankandiseka kuti ena amalowola ndi ng'ombe, ine ndalowola ndi lilime.

Apongozi angawo ndiwo anandipezera malo pa esiteti ina ya fodya wa fuluu. Iwo anayamba pamenepo ali mnyamata, akusonkhezera nkhuni pa boyila, mpaka anakwera n'kukhala woyang'anira mavalavu a nthunzi. Ine ndinali nditangochoka ku sukulu ya zaumisiri, mutu utadzaza ndi zojambula za m'mabuku, manja osadziwa kanthu. Pa ntchito iwo anali akulu anga, pamudzi anali apongozi anga, ndiye zinthu zinkagwirizana bwinobwino.

Fodya wa fuluu saumitsidwa ndi mphepo ngati bale wa m'zigafa. Amamutsekera m'balani n'kumamutenthetsa pang'onopang'ono, poyamba kuti asanduke wachikasu, kenaka kuti aume. Pa esiteti yathu moto sunkalowa m'balani. Boyila imodzi yaikulu inkaphika nthunzi, nthunziyo n'kumayenda m'mapaipi kupita ku mabalani onse. Panja pa khoma la balani iliyonse panali valavu yotsegula ndi kutseka nthunziyo, ndipo sinkapotokoledwa ndi dzanja, inkakankhidwa ndi mpweya wa kompuresa. Pambali pake panali kabokosi kachitsulo, kukula kwake ngati buledi, kamene timati pozishona. Bolodi la m'chipinda choyang'anira likalamula kuti tsegula theka, pozishona imapopera mpweya mpaka valavu itatseguka thekalo. Imadziwa pamene valavu yafika chifukwa cha kamkono kachitsulo kolumikizidwa ndi kapini ku ndodo ya valavuyo. Ndodo ikakwera, kamkono kamakwera nayo. Kamkonoko kakanama, balani yonse yanamizidwa.

Kutchera pozishona ndi ntchito ya anthu awiri. Ine ndinkaima pa bolodi n'kumatumiza malamulo: tseka, kota, theka, tsegula zonse. Apongozi ankagwada pa valavu akuyang'ana kamuvi ka pandodo. Valavu ikapanda kutsekeratu, ankapotokola kasikuluwu ka ziro. Ikapanda kufika pamwamba, ankapotokola kanzake, ka sipani. Vuto lake n'lakuti ukakhudza kamodzi, kanzake kamasuntha, ndiye umabwerera pachiyambi, n'kubwereranso, mpaka mutu kutentha. Mutu umene unkatentha unali wanga. Iwo ankatha kubwereza mpaka dzuwa kupendeka, akuimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi.

Amisiri ena amakuwirana pa ntchito imeneyi. Koma mkamwini angakuwire apongozi ake anthu akumva? Ndiye tinapangana zizindikiro za manja. Ndikakweza nkhonya pawindo ndiye kuti ndatseka, ndikagoneka dzanja ndiye theka. Iwo akakhutira ankangogwira chisoti. Anthu a m'mabalani ankatiseka kuti tikuyendetsa ndege.

Apongozi mavalavu aja ankawakonda, ndikunena zoona. M'mawa uliwonse ankayenda balani ndi balani, kukhetsa madzi m'kambale ka sefa ya mpweya, kupukuta magalasi a mageji ndi kansalu kamene ankasunga m'thumba la ovolosi, n'kusanjika dzanja pamwamba pa valavu ngati akumva mwana ngati watentha thupi. Kumudzi dzina lawo lenileni linkamveka pamaliro pokha. Masiku onse anali "a ku mavalavu."

Zaka zimenezo zinali za makuponi. Anthu ankalawirira ku depoti pa njinga, kukaima pamzere tsiku lonse, kubwerako ndi thumba la wokulitsa ndi la wobereketsa atamanga pakaliyala, nkhope zikuwala ngati achokera ku ukwati. Feteleza akatha m'munda, matumba ankatsala, ndipo anali paliponse. Mazenera ankatsekedwa ndi matumba. Chitseko cha bafa chinali thumba. Amayi ankawasoka kukhala mkeka woyanikapo ufa, abambo ankaboola pakati n'kuvala mvula ikagwa. Chinthu chikachuluka chotero diso limasiya kuchiona, ndipo langa linasiya.

Pamwamba pa valavu iliyonse panali kadenga ka lata kotchinga mvula. Mu Okutobala wa chaka chimene ndikunenachi kunadutsa kamvulumvulu amene anazula timadenga tija n'kukatitaya ku munda wa bulugamu, topindikapindika. Apongozi anapita ku ofesi kukapempha malata ena. Anawayankha kuti tiona. Anapitanso, anawayankhanso kuti tiona. Mvula inayamba, ndipo mvula ya m'zidikha za kuno sigwa choongoka, imabwera chammbali ikukankhidwa ndi mphepo. Tsiku lina nditafika ndinapeza pozishona iliyonse itavala thumba, litamangidwa pakhosi ndi malegeni a chubu cha njinga. Anali matumba a iwo eni, a yureya amene anali atangothira m'chimanga chawo, ndi ena opempha kwa abale.

"Mwachita bwino, bambo," ndinatero. Ndipo ndinkanena zochokera mumtima. Munthu anasiya kusoka mkeka wa akazi ake kuti afunditse zitsulo za eni ake.

Mu Febuluwale, fodya atachuluka, balani yachiwiri inatipsera. Masamba anali akadali pa chikasu, akadali ndi madzi, nthawi imene kutentha kumayenera kukwera mwaulemu. Masanasana kutentha kunangolumpha. Pamene anthu ankathamanga kukatseka nthunzi pa valavu ina yopotokola ndi dzanja, zinali zitatha kale. Titatsegula chitseko tinalandiridwa ndi fungo la ndiwo zamasamba zopserera, ndipo fodya yense anali bii, wolendewera ngati nsanza. Amayi amene anathyola ndi kusoka fodya ameneyo anangoima manja ali pamutu. Apongozi anapita pa valavu, n'kusanjikapo dzanja.

Manijala wathu anali munthu wamfupi amene akakwiya ankatsitsa mawu m'malo mokweza. Anatiitana tonse pakhomo pa balaniyo.

"Ndikufuna kudziwa chimene chachitika," anatero. "Ngati ndi dzanja la munthu, munthuyo atisiye. Ngati ndi tizitsulo takalambati, tichotsa tonse, tiika zamagetsi zodzitchera zokha, zosafuna munthu wozilera." Kenaka analoza ine. "Inu a kusukulu, mundipezere."

Mtima wanga unagwa. Njira zonse ziwiri zinkathera pa munthu mmodzi. Likakhala dzanja, dzanja la pa mavalavu linali la apongozi. Zikakhala zitsulo, wolera zitsulozo anali apongozi. Ndipo munthu wa imvi ngati iwo, wopanda pepala lililonse, akanakagogoda pa geti la ndani?

Ndinayamba ndi zapafupi, monga anatiphunzitsira. Mpweya wa kompuresa unali wokwanira, geji inali pamalo pake. M'kambale ka sefa munalibe madzi, apongozi sankalola zimenezo. Ndinasungunula sopo m'chitini n'kupaka thovu pa timapaipi tonse ta mpweya kuti ndione ngati pali pothawira, koma thovu linangokhala chete. Ndinakayikira kuti mwina nati yofinya ndodo inamangidwa kwambiri, ndodo n'kumakakamira. Ndiye ndinalambalala pozishona n'kupereka mpweya molunjika ku valavu. Inakwera myaa, inatsika myaa, popanda kudodoma. Valavu inalibe mlandu.

Nditabwezera pozishona, ndinayamba kuwonjezera lamulo pang'onopang'ono, maso ali pa ndodo ndi pa kamkono. Apa m'pamene ndinaona. Ndodo inkafuna kuyenda, koma kamkono kankakana, kankakana, mpweya n'kumachulukira, kenaka kankangoti phwa! kulumpha, valavu n'kutseguka kupitirira pamene ndalamula. Potsika chimodzimodzi. Pokwera kamuvi kankaima pena, potsika kankaima pena, lamulo lili limodzi lomwelo. Balani yathu inapsa pa kulumpha kumodzi kotereku.

Ndinamasula kamkono. Kapini kake kanali katadyeka, ndipo pozungulira pake panali dzimbiri losakanikirana ndi zoyera zouma ngati mchere. Ndinanunkhiza. Kunali kafungo ka mkodzo. Ndinayang'ana pansi pamene ndinaponya thumba lija pomasula, ndipo m'kati mwake munali madontho. Pozishona imapuma, imatulutsa mpweya nthawi zonse, ndipo pafupi pali paipi yotentha. M'thumba lomangidwa pakhosi chinyezi chinalibe kothawira. Chinkasungunula yureya wotsalira m'makona a thumba n'kumadonthezera pa kamkono. Kaliyala ya njinga yanga inadyeka choncho chaka chimene ndinanyamulirapo feteleza mvula ikugwa.

Ndinakhala pansi pomwepo. Chiuta wane! Thumba limenelo ine ndemwe ndinkalimasula ndi kulimanganso nthawi iliyonse tikamatchera. Koma wolibweretsa, wolimanga koyamba, amene aliyense pa esiteti ankamudziwa, anali bambo a mkazi wanga. Ndipo mavalavu ena onse anali atavala matumba, m'mabalani mwake muli fodya.

Akanakhala munthu wa kwathu ndikanangomukoka dzanja n'kuti taona zimene wachita. Koma awa ndinkawapatsa moni nditanjuta patali. Mbale yawo sindinkaiyandikira. Ndikanayamba bwanji kuwauza kuti chikondi chawo ndicho chawotcha balani?

Ndinaganiza zochita mwakachetechete. Ndinatsuka kamkono kaja, ndinaikamo kapini kena, ndinapaka girisi. Kenaka ndinatola zigubu zakale za mafuta ophikira, kuzidula pansi, n'kuzivundikira pa mapozishona onse, kunsi kuli pululu kuti mpweya uzituluka. Matumba ndinawapinda bwinobwino n'kuwaika pambali. Ndinapita kunyumba ndikudziyamikira kuti ndine wochenjera.

M'mawa mwake ndinapeza chigubu chilichonse chitavala thumba pamwamba pake, malegeni atamangidwa molimba kuposa kale.

"Zigubu zanu n'zabwino, akamwini," anatero apongozi akumwetulira. "Koma mvula ya kuno simunaidziwe. Imalowera pansi."

"Zoona, bambo," ndinayankha. Ine amene! Lilime linkandiyabwa mpaka kukhosi.

Madzulo ake ndinawauza akazi anga zonse, ali pakhonde kusenda maungu. Ndinawapempha kuti akawauze bambo awo mwanzeru zawo, popeza mwana wamkazi ali ndi njira zake.

Anaika mpeni pansi. "Ndikawauze ine? Ndikudziwa chiyani za kamkono ine? Akandifunsa kuti wamva kwa ndani, ndiziti chiyani?"

"Ndiye auzeni amayi, amayiwo awauze."

"Aaa, bambo a mwana, mwatani kodi? Ndikauza amayi, mawa pachitsime padzamveka kuti mkamwini wapeza apongozi ake ndi mlandu n'kuwatumira akazi. Mukufuna muwavule kawiri?" Anatolanso mpeni, koma sanasende. Maso anali atadzaza misozi. "Akawachotsa ntchito bambo anga safika chaka. Munda samaukonda, amaulima chifukwa cha njala. Moyo wawo uli ku zitsulo zimene zija."

"Ndiye nditani?"

"Auzeni nokha. Koma musakawauze ngati muli kwanu."

Sindinawauze. Tsiku lotsatira ndinadikira kuti apite ku boyila, ndinavula matumba onse, ndinakawabisa kuseri kwa mulu wa nkhuni. Ndinkaganiza kuti matumba akatha nkhani yatha. Ndinaiwala kuti zinali zaka za makuponi. Anabweretsa ena. Ndinabisanso. Manijala tsiku lililonse ankandipeza n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mwapeza?" Ine n'kumati ndikuyezabe, bwana.

Chimene chinandithyola ndi mlonda. Pa geti pathu panali bambo wina wofatsa, wa mpingo umodzi ndi apongozi, ankakhala benchi limodzi Lamulungu. M'mawa wina ndikufika ndinamva mawu a apongozi ali pamwamba, chinthu chimene ndinali ndisanamvepo chikwatirireni.

"Matumba amayenda okha? Inu muli pano usana ndi usiku, matumba akusowa, simukuona? Ngati mukuwafuna a bafa lanu, bwanji osandipempha? Balani ina ikapsa chifukwa cha mvula mudzayankha ndinu!"

Mlonda uja ankangolumbira, akuloza kumwamba. Anthu anali atayamba kusonkhana. Ndinamva manyazi mpaka m'mapazi. Chinsinsi changa chinali chitayamba kudya munthu wosalakwa, ndipo apongozi ankadziwonjezera mlandu pa mlandu osadziwa.

Masana a tsiku lomwelo balani yachitatu inali yopanda fodya, tikudikira kulongamo wina. Anthu atapita kukadya, ndinawatsatira apongozi pamthunzi, ndinanjuta.

"Bambo, pali kanthu kandikanika pa yachitatu. Tandibwerekeni maso."

Anadzuka msangamsanga. Ankasangalala ndikawapempha nzeru, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri.

Titafika ndinamasula malegeni pamaso pawo, ndinavula thumba, ndinalitembenuza kunja kukhala m'kati, n'kuliyala pansi pafupi ndi mapazi awo, madontho ake akuonekera. Ndinalumikiza kachipangizo kotumizira lamulo pomwepo pa valavu, n'kuyamba kuwonjezera pang'onopang'ono. Kamkono kanakana, kanakana, kenaka phwa!

"Ii!" anatero. "Bwerezani."

Ndinabwereza. Anagwada, nkhope pafupi ndi kamkono. Ndinamasula kapini, ndinakaika pachikhatho, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Anakatembenuza. Anakanda zoyera zija ndi chikhadabo. Ananunkhiza. Mlimi aliyense wa kuno amadziwa chimene feteleza amachita khasu likagona pafupi naye, kapena lata la nyumba imene wasungidwamo. Sindinafunike kuwafotokozera. Ndinaona maso awo akuchoka pa kapini, kupita pa thumba lili pansi, kenaka kuyenda pang'onopang'ono pa mzere wonse wa mabalani, pamene matumba awo oyera ankapepeluka ndi mphepo.

"Ndi wanga uyu," anatero potsiriza. "Yureya wa kuponi yanga."

"Mvula ikanalowa zikanaipa kuposa apa, bambo."

"Ayi, akamwini. Musandipake mafuta." Anapuma. "Yachiwiri ija ndi zomwezi?"

"Ndi zomwezi."

"Ndipo matumba ankachotsa ndinu."

"Ndine, bambo."

Ndinkadikira kuti akalipe, ndipo mwina ndikanapepukidwa. Koma anangogwedeza mutu, akuyang'ana cha ku geti kumene kunali mlonda. Kenaka anaika kapini m'thumba la ovolosi, n'kuimirira. Mawondo awo analira.

"Tiyeni tione enawo fodya asanapse."

Masana amenewo tinayenda valavu ndi valavu. Pa iliyonse wina ankagwira nthunzi pa valavu yopotokola ndi dzanja ija kuti kutentha kusasunthe, ife tikumasula kamkono, kutsuka, kusintha kapini pamene padyeka, kupaka girisi. Matumba ankavula okha, sanandilole kukhudza ngakhale limodzi. Kenaka ine pa bolodi, iwo pa valavu, nkhonya pawindo, dzanja logona, ziro, sipani, kubwereranso ku ziro. Sanaimbe nyimbo tsiku limenelo. Koma mavalavu aja sanatcheredwepo bwino ngati mmene anatcheredwera masana amenewo. Pokwera ndi potsika kamuvi kankaima pamalo amodzi ngati kakhomedwa.

Titamaliza anasamba m'manja pa mpope, n'kulunjika ku geti. Sindinamve zimene anakambirana ndi mlonda. Ndinangoona patali atavula chisoti, atagwira dzanja la mnzawoyo ndi manja awiri, nthawi yaitali. Atachoka pamenepo analowera njira ya ku ofesi. Ndinawathamangira.

"Bambo, tadikirani. Ndikanena ndine. Ndikati kapini kanachita dzimbiri, takasintha, zatha. Si bodza limenelo."

"Akakufunsani kuti dzimbirilo lachokera kuti pa mavalavu onse nthawi imodzi?"

"Ndiona ponena."

"Muona ponama." Anaima n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita. "Tsiku lina adzadziwa, adzachotsa tonse awiri. Mwana wanga ndi mdzukulu wanga adzadya chiyani? Inu khalani kumbuyo kwanga, musayankhule."

Mu ofesi anatulutsa kapini kaja n'kukaika pa tebulo la manijala. Anafotokoza zonse mwadongosolo, osadzichepetsera mlandu, osatchula za malata amene anapempha. Ine ndinapsa mtima, ndinalephera kudzigwira.

"Bwana, timadenga tija anadzapempha kuno kawiri konse!"

"Akamwini," anatero apongozi, osatembenuka. Ndinatseka pakamwa.

Manijala anatembenuza kapini kaja ndi cholembera. Sanali munthu woipa. Ndikhulupirira ankakumbukira "tiona" wake uja, chifukwa anakhala nthawi akuyang'ana pawindo. Koma nayenso anali ndi akuluakulu ake ofuna kumva kuti balani ya fodya yatha bwanji ndipo wachitapo chiyani.

"Madala, sindikuchotsani," anatero. "Mwabwera nokha, ndipo mwakhala pano ine ndisanabadwe. Malata abwera sabata ino. Koma kuyambira mawa mavalavu ali m'manja mwa uyu." Analoza ine. "Inu muzimuthandiza. Musakhudze kasikuluwu, musavundikire kanthu, musavundukule kanthu iye asananene."

"Bwana," ndinatero, "awa ndi apongozi anga."

"Ndikudziwa. Mukufuna ndiwachotse?"

Apongozi ndiwo anayankha. "Zikomo, bwana. Ndamva."

Popita kwathu sitinakwere njinga. Tinkangozikankha m'njira ya pakati pa minda ya fodya, iwo patsogolo, ine pambuyo, matope akumata m'matayala. Ndinkafuna kunena kuti sindinapemphe zimenezi, kuti udindowo sindikuufuna, kuti kwa ine adzakhalabe akulu. Mawu onsewo anali okonzeka m'zinenero ziwiri, koma msana wawo sunandipatse mpata. Pofika pakhomo anakhotera ku nyumba yawo, ine ku yanga. Akazi anga atamva kuti ntchito ilipo anawomba m'manja n'kuthokoza Mulungu. Nditawauza mbali inayo, manja aja anatsika.

M'mawa mwake ndinapita kukawapatsa moni monga mwa masiku onse. Ndinanjuta patali, pafupi ndi nkhokwe.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, kaya inu akamwini?"

Zonse zinali m'malo mwake, ndipo ndinayamba kudzinamiza kuti ku ntchito kudzakhalanso chimodzimodzi. Ndinkati manijala wanena zake mu ofesi, koma pa valavu tidzakhala awiri, ndidzangochita ngati palibe chimene chasintha. Ndinachedwa dala kunyamuka kuti iwo akafike poyamba, akayambe kuzungulira mabalani monga ankachitira, ine ndikangowapeza ali pakati pa ntchito.

Nditafika ndinawapeza ataima pakhomo pa chipinda cha bolodi. Anali asanakhudze chilichonse. Magalasi a mageji anali akadali ndi mame, kansalu kawo kali m'manja. Anthu a m'mabalani anali atafika kale, osonkhezera boyila, amayi osoka fodya, onse ankachita ngati ali otanganidwa koma makutu ali kwa ife. Nditatsamiritsa njinga, apongozi anavula chisoti, n'kuchigwira pachifuwa.

"Akapitawo, ndiyambire pati?"

Ndinamva ngati andithira madzi otentha. Ndinayandikira, ndinatsitsa mawu. "Bambo, chonde, musatero. Chitani monga mumachitira."

"Ayi," anatero, mokweza kuti onse amve, koma popanda mkwiyo. "Mukandisiya ndizichita za m'mutu mwanga, mawa adzati mkamwini akubisa apongozi ake, tonse tipita. Pano si pamudzi. Nenani, nthunzi ikudikira."

Ndinayang'ana imvi za pamutu wopanda chisotiwo. Ine wa pakamwa posadikira, amene kwathu ankandiopa pa milandu, ndinafunafuna mawu ngati mwana wa sukulu. Pomaliza anatuluka, ang'onoang'ono.

"Kayambeni kukhetsa madzi ku yoyamba, bambo."

"Chabwino."

Anavala chisoti, n'kutembenuka, n'kuyamba kuyenda cha ku balani yoyamba, kumene miyendo yawo ikanapita yokha popanda wowauza. Ine ndinalowa m'chipinda cha bolodi, ndinatseka chitseko, ndinalira.